Funsani Anganga: Kalata yopumira yafika, nanga manjawa agwire chiyani?

Mwezi uno makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp amene afika pa tebulo langa akuzungulira pa nkhani imodzi: munthu akakula, azigwirabe ntchito kapena akhale pansi? Ndasankhapo anayi. Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndili ndi zaka 72. Ndinakhala zaka 34 ndikukonza malipiro a antchito pa fakitale ina ku Makata, ndipo makalata opumira ambiri anadutsa m'manja mwanga isanafike yanga. Masiku ano, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndimayenda wapansi kuchoka ku Kanjedza kupita ku Limbe, komwe ndimalembera mabuku a ndalama eni mashopu atatu.

FUNSO: Achemwali, ndine fitala pa kampani ina kuno ku Blantyre, ndagwirapo zaka 31. Mu Juni ndikwanitsa zaka 60 ndipo kalata yopumira andipatsa kale. Abwana akuti ngati ndikufuna andipatsa kontirakiti ya chaka chimodzi. Anzanga akuti ndalama zikatuluka ndigule minibasi. Mayi a kunyumba akuti tizipita kwawo ku Chiradzulu tikalime. Mwana wathu womaliza ali Fomu 3. Thupi lili bwinobwino, koma tulo sindikupeza. Nditsate ziti? Bambo wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achimwene, ndiyambira pa minibasi, chifukwa imeneyo inalowapo m'nyumba mwanga ndipo fungo lake ndimalidziwa.

Malemu bambo a kunyumba kwanga anali wosunga katundu pa kampani ina, munthu wosamala moti ukawafunsa kuti mabawuti atsala angati, ankayankha asanatsegule buku. Atapuma, anzawo anawauza zomwe akukuuzani inuzi. Tinagula minibasi yoyendapo kale, n'kuiika pa msewu wa Limbe ndi Bangwe. Miyezi itatu yoyamba dalaivala ankabwera madzulo alionse ndi tageti yokwana, ndalama zofewa ndi thukuta, zonunkha dizilo, ndipo bambo ankaziyala pa tebulo n'kuziwerenga kawiri. Mwezi wachinayi inayamba nyimbo: lero tayala laphulika, mawa giyabokosi, mkuja anthu kunalibe pamsewu. Iwo analibe podziwira choona, pakuti sanakhalepo pa siteji kuwerenga kuti galimoto imayenda maulendo angati pa tsiku, kondakitala amatsina zingati, woitanira amadya zingati. Chaka ndi theka chisanathe, galimoto ija inali pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira pa mpando wa dalaivala.

Ndalamazo zinandiwawa, koma chinandiwawa koposa ndi chomwe chinatsatira. Bambo anagwidwa ndi manyazi, nasiya kutuluka. Anatenga mpando wa nsungwi n'kuuika pakhonde, wailesi pambali. Ndinkawasiya pomwepo m'mawa popita ku Makata, ndipo pobwera ndinkawapeza pomwepo, atangousuntha mpandowo kutsata mthunzi. Munthu amene ankapita ku ntchito wapansi tsiku lililonse anayamba kupumira kawiri pa kamtunda kopita ku tchalitchi. Mapazi anayamba kutupa. M'chaka chachinayi anachita sitiroko, ndipo sanadzukenso bwino mpaka tinawaika m'manda. Ndikukuyankhani ndi mtima umenewo.

Mwina munena kuti inu ndinu fitala, injini mumaidziwa. N'zoona, makaniko sangakunamizeni. Koma ndalama ya minibasi sithera mu injini mokha, imathera pamsewu, pomwe inu simudzakhalapo. Onjezanipo inshuwalansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), matayala, masiku ogona pa mzere wa mafuta, ndi anyamata a kabaza amene alanda okwera a mitunda yaifupi. Amene amapindula nayo ndi amene anakulira momwemo. Ndalama ya penshoni imabwera kamodzi, ndipo ikapita mulibe zaka 31 zina zoisonkhanitsiranso.

Tsopano za ndalamazo. Chiyambire 2011, pomwe penshoni inakhala yokakamiza kwa olemba ntchito, pa K100 iliyonse ya malipiro wantchito amadulidwa zosachepera K5, ndipo abwana amaikapo zosachepera K10. Musadikire Juni. Sabata ino pitani ku ofesi ya malipiro mukapemphe sitetimenti yochokera ku kampani yosunga penshoni yanu, muiyale pambali pa mapepala anu a malipiro, muone mwezi ndi mwezi ngati zomwe ankakudulani zinkafikadi. Ndagwira ntchito imeneyi, ndipo ndikudziwa kuti kudula ndi kwina, kutumiza ndi kwina. Mukapeza miyezi yodumphidwa, yambani ndi abwana kudzera m'kalata, kope ina musunge. Zikakanika, nkhani za penshoni zimayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Onaninso fomu ya anthu odzalandira ndalama inu mutatisiya. Ambiri analemba kalekale osaibwereranso, ndiye onetsetsani kuti mwana wa Fomu 3 uja alipo. Akuuzeni ndi manambala kuti yotenga nthawi imodzi ndi zingati, ndipo yotsalayo izikupatsani zingati pa mwezi.

Yotenga nthawi imodziyo ikangolowa, mudzaona abale amene simunawaone chiikireni agogo anu. Aliyense adzabwera ndi vuto lenileni, ndipo mtima udzakupwetekani pokana. N'chifukwa chake mukhale pansi ndi mayi zisanatuluke, mulembe: fizi ya mwana mpaka amalize, pomwe denga likudontha, ngongole zonse makamaka ngati pali ya katapila. Yotsala muitsekere ku banki kapena ku SACCO yolembetsedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi osaikhudza. Bizinesi yoona imadikira miyezi isanu ndi umodzi. Imene ikukuuzani kuti perekani lero mawa mwachedwa, ithaweni.

Nambala ya pamwezi ija mukaiona, kumbukirani izi. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Wapantchito amatha kudandaula kuti amukwezere, wamalonda amakweza mtengo, koma penshoni siithamanga liwiro la shuga, sopo ndi feteleza. Yanga, imene poyamba inkagula chimanga, kulipira madzi ndi magetsi n'kutsalako, lero imathera pa mankhwala ndi ndiwo za masabata awiri. Munthu wa zaka 60 wa thupi labwino ngati inu akhoza kukhala ndi zaka zina 20 kutsogolo. Ndiye zoti mugwirebe kapena ayi, ine ndayankha kale: gwirani. Chatsala n'chakuti mugwire chiyani.

Kontirakitiyo itengeni, koma ikhale yolembedwa: tsiku loyamba ndi lomaliza, malipiro, maola, tchuthi, ndi zomwe zidzachitike mukavulala pa ntchito. Funsani ngati kusaina kwanu kuchedwetse kutuluka kwa penshoni, komanso ngati akulolani kugwira zanu Loweruka. Ngati n'kotheka akuchotseni pa mashifiti a usiku. Chaka chimenecho chimufikitsa mwana pa mayeso a Fomu 4, koma musachitenge ngati zinthu zabwerera mwakale. Ndi chaka chotsegulira mphanje munda umene muzidzadyamo.

Mundawo uli m'manja mwanumo. Loweruka lina nyamukani ku Chilomoni, mudzere ku Chirimba mpaka ku Lunzu, muziwerenga zigayo. Chilichonse chili ndi mota, malamba, mabeling'i, nyundo zimene zimatha ndi sefa zimene zimang'ambika, ndipo chikaima tsiku limodzi mwini wake amangoyang'ana amayi akubwerera ndi madengu pamutu. Onjezanipo mapampu a madzi, majenereta ndi makina a akalipentala. Anthu amenewa atopa ndi amisiri ongoyerekeza, omanga ndi waya chinthu chofuna shafiti yatsopano. Inu mukhoza kuima pakhomo la chigayo n'kumva ndi khutu kuti beling'i yatsala masiku angati. Luso limenelo ndilo mpamba wanu, ndipo dalaivala sangathawe nalo. Yambani ndi chigayo chimodzi, mugwire bwino, dzina liyende lokha. Zipangizo muzigula pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro a kontirakiti, osati pa penshoni: masipanala abwino, vayisi, galayinda, makina owotcherera, ndi magalasi oteteza maso. Mutenge mnyamata mmodzi kapena awiri azinyamula zolemera ndi kukwera pamwamba, inu muzipereka diso ndi khutu. Bungwe la TEVETA lili ndi ndondomeko yophunzitsira achinyamata kudzera mwa amisiri a m'madera, mukafunse ku ofesi yawo.

Za ku Chiradzulu, mayi musawatsutse, koma nyumba ya ku Chilomoni musagulitse. Kumeneko mukakhala mkamwini wa zaka 60 pa malo a akuchikazi, m'boma limene minda ndi yaing'ono kale, ndipo khasu limafuna msana umene unalizolowera. Chiradzulu ndi pafupi, munthu amapita m'mawa n'kubwera madzulo. Limani chaka chimodzi muli konkuno, mulembe chilichonse chimene mwalowetsa, mbewu, feteleza, aganyu, thiransipoti, ndipo pokolola muwerenge matumba a chimanga ndi nandolo. Powerengapo mayi akhalepo, chifukwa chimene chikuwaitana kwawo mwina si chimanga chokha, ndipo muyenera kuchimva kuchokera pakamwa pawo.

Tulo tikusowato si chifukwa cha ndalama zokha. Zaka 31 pakhala pali geti lokudikirani 7 koloko, mlonda wokupatsani moni, anyamata okuthamangirani makina akaima. Tsiku langa loyamba nditapuma ndinadzuka 5 koloko, kusamba, kuvala, n'kukhala pa bedi nditagwira chikwama, misozi ikutsika. Zinatha tsiku limene mwini shopu wina wa ku Limbe anandiuza kuti, amayi, Lolemba ndikudikirani. Kwa inu akhale mwini chigayo wa ku Chirimba.

FUNSO: Anganga, ine ndi mchimwene wanga tili ku Johannesburg, ndipo mwezi uliwonse timatumiza ndalama zokwanira kwa amayi athu a zaka 68. Koma iwo akukanitsitsa kusiya benchi lawo la tomato ndi anyezi mu msika wa Ndirande. Amadzuka 4 koloko kukapikula, chonsecho ali ndi BP. Achibale akutinena kuti tikuzunza kholo. Ndawauza kuti akapanda kusiya, ine ndisiya kutumiza. Kodi ndalakwa? Mwana wamkazi, Johannesburg.

YANKHO: Mwana wanga, walakwa, ndipo usiku uno uwaimbire upepese. Cholinga chako n'chabwino, koma mawu amenewo kholo limawamva ngati ukufuna kugula ufulu wake ndi marandi.

Benchi limenelo ndikulidziwa, ngakhale amayi ako sindinawaonepo. Pali thumba lonyowetsa loyala pansi, milu ya tomato anayianayi, wamkulu pamwamba, chenji chomangidwa pa nsonga ya chitenje. Kumanja kuli mnzawo wa matemba amene akhala naye zaka zambirimbiri, amene amadziwa kuti lero sanaike kanthu m'kamwa, amene adzayambe kuzindikira tsiku limene nkhope yawo idzaoneke yachilendo. Pa benchipo amawerengera chenji ndi mutu, amalimbana mtengo ndi opikulitsa a ku Bvumbwe, amamva za maliro ndi zinkhoswe, amaponya ku banki m'khonde ndalama yawoyawo yosapempha kwa munthu. Mwinanso fizi yako inachokera pomwepo. Ukawachotsa, ukawaika kuti? M'nyumba ya mpanda, ndi TV, ndi foni yodikira kuti iwe uimbe Lamlungu?

Thupi la munthu wamkulu limataya mphamvu ya minofu chaka ndi chaka, ndipo limataya msanga akangokhala. Miyendo ikafooka kugwa kumayandikira, ndipo wachikulire akathyoka fupa la m'chiuno kawirikawiri sabwereranso mwakale. BP nayo imatsika bwino mwa munthu woyendayenda kusiyana ndi wongokhala.

Pomwe ndikugwirizana nawe ndi pa 4 koloko ija ndi katundu wa pamutu. Ndalama yako ikalowe pamenepo. Lipira mnyamata wa wilibala wokhulupirika, kapena mayi wina wa pa mzere wawo azikawapikulira, iwo azifika kutacha. Uwagulire mpando wotsamira, ambulera yaikulu, ndi nsapato zosaterera za nyengo ya matope. Ugulenso kamakina koyezera BP ka pamkono, mdzukulu kapena mnzawo wa matemba uja aphunzire kuwerenga kwake. Manambala akamapitirira 140 pa 90 mobwerezabwereza, apite ku chipatala osadikira tsiku limene anawalembera. Vuto lalikulu la amayi a mumsika ndi lakuti amamwa mapiritsi mutu ukamapweteka, ukasiya nawonso n'kusiya. BP siichita phokoso. Mankhwala ake ndi a tsiku lililonse, ngakhale tsiku limene akumva bwino. Tsiku la ku kiliniki benchi aligwire wina, ndipo phindu la tsikulo uwabwezere iwe kuti asakhale ndi chifukwa chojombera.

Mchere achepetse. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, imeneyo ndi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi umene uli kale mu nsomba zouma za mchere ndi m'timakyubu tokometsera ndiwo. Onse a pa mzere wawo adziwe zizindikiro zitatu izi: pakamwa kukhota, dzanja kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera. Zikaoneka, galimoto nthawi yomweyo kupita ku Gulupu, osati kuwaperekeza kunyumba kuti akagone kaye. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa. Ndipo ngati ayamba kuyandikitsa ndalama kumaso kapena kuona ngati kuli utsi, akapimidwe ng'ala ku chipatala cha maso cha pa Gulupu pomwepo. Opaleshoni yake ndi yaifupi, ndipo anthu amabwerako akuona.

Tsiku losiya lidzafika. Udzalidziwa akadzayamba kusokoneza chenji, kugwa, kapena kubanika pa mtunda waufupi, ndipo ngakhale pamenepo mudzayambe ndi kuchepetsa masiku. Achibale onenawo uwafunse kuti ndani mwa iwo azidzapita kukakhala ndi amayi tsiku lonse akadzasiya msika.

FUNSO: Anganga, musakhumudwe. Ndili ndi zaka 27, dipuloma ndinatenga zaka zinayi zapitazo, ntchito njee. Pomwe ndinkaphunzira ntchito panali madala awiri opuma kale amene anawabweza pa kontirakiti. Inunso ndamva kuti mukugwira malo atatu. Nanga ife tidzalowera pati? Mnyamata wa ku Bangwe.

YANKHO: Sindinakhumudwe, mdzukulu wanga. Zaka zinayi zoyenda ndi envulopu ya khaki kuchokera ku Victoria Avenue mpaka ku Ginnery Corner n'zowawa, ndipo ndili ndi adzukulu amene akuyenda nayo.

Koma tiye tiwerenge. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno. Oposa theka anali osakwana zaka 18, pomwe a zaka 60 kupita m'tsogolo anali pafupifupi 5 pa 100 alionse. Mwa ochepawo, amene anakhalapo pa mpando wa mu ofesi ndi owerengeka. Ambiri ali m'munda ndi khasu, ena akulondera mageti usiku ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe atafunda chijasi pa chiperoni, ena akuphwanya miyala m'mbali mwa phiri, akulera ana amasiye popanda penshoni ya mtundu uliwonse. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ovutikitsitsa okha. Amenewo sakugwira mwa kufuna, ndipo ndikamalimbikitsa ntchito pa ukalamba sindikunena kuti gogo wa zaka 75 azigona panja ndi chibonga. Zimenezo ndi manyazi a tonsefe. Koma ife ochepa a m'maofesi titachoka tonse mawa, mipando yathu siingakwanire khamu limene likumaliza sukulu chaka ndi chaka.

Pomwe ukunena zoona ndi apa. Kampani ikabweza munthu wopuma chifukwa palibe wina wodziwa ntchito yake, ndiye kuti munthuyo anabisa nzeru, kapena abwana sanamupatse woti amuphunzitse. Zonsezo n'zolakwika. Wachikulire wobwezedwa pa kontirakiti azikhala ndi wachinyamata pambali pake, ndipo chaka chikamatha mpando ukhale wa wachinyamatayo. Ine miyezi isanu ndi umodzi yomaliza ku Makata ndinakhala desiki imodzi ndi mtsikana amene anandilowa m'malo. Ndinamuonetsa pomwe zolakwika zimabisala mu ovataimu, iye anandiphunzitsa kuwerengera pa kompyuta, ndipo luso lakelo ndi limene ndikudyera ku Limbe lero. Mashopu atatuwo ndi aang'ono, palibe imene ikanatha kulemba akauntanti wa mwezi wathunthu.

Mu msika wa Limbe muli amalonda mazanamazana amene sadziwa ngati akupindula kapena akudya mpamba. Ngati dipuloma yako ndi ya za ndalama, yambira pamenepo ndi kope ndi cholembera, mmodzi kaye. Ngati uli wa manja, bwerera ku kalata yoyamba ija: ku Chilomoni kuli fitala amene posachedwapa afuna mnyamata.

FUNSO: Achemwali, ndine mayi wamasiye wa zaka 66, ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Adokotala anandiuza kuti ndiziyenda chifukwa cha shuga, ndiye ndinkadzuka m'bandakucha n'kuzungulira dera lathu kusanatenthe. Tsopano mwana wa oyandikana nawo wadwala, ndipo ndamva kuti akuti ndimayenda usiku. Ana amene ndinkawaphunzitsa masamu pakhonde asiya kubwera. Kuyenda ndasiya, ndipo ndili ndi mantha. Mayi wa ku Machinjiri.

YANKHO: Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo nkhaniyi musaitenge ngati miseche wamba. M'dziko muno achikulire akhala akumenyedwa, kuotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa chifukwa cha mawu amene anayamba monong'ona chonchi, ndipo kawirikawiri wolozedwa chala amakhala mayi wamasiye wokhala yekha.

Lamulo lili mbali yanu. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza achikulire. Musapite nokha kukafunsa oyandikana nawowo. Tengani mwana wanu kapena alongo anu pamodzi ndi mkulu wa mpingo, mupite kwa amfumu a dera lanu, nkhaniyi ikambidwe poyera dzuwa likuswa mtengo. Mutenge buku lanu la ku chipatala pomwe adokotala analemba za shuga, anthu aone ndi maso awo chimene chimakudzutsani m'mawa. Wina akangoopseza, kapena mwala ukagwa pa denga, tsiku lomwelo mukanene ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Bungwe la MANEPO, loona za ufulu wa achikulire, limathandizanso pa nkhani zotere. Ndipo pa bwalo la amfumupo wina alankhule kuti mwana wodwalayo apite naye ku chipatala akayezedwe, chifukwa pamene akulu akulozana zala, iye akudwalabe.

Kuyenda musasiye. Minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga kuchoka m'magazi, n'chifukwa chake adokotala anakuuzani zimenezo, ndipo masabata ochepa ongokhala amaonekera pa kamakina koyezera. A WHO amalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata, kapena tinene mphindi 30 masiku asanu, pa liwiro loti mukupuma mwamphamvu koma mukutha kucheza ndi mnzanu. Kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo amawonjezera zolimbitsa miyendo ndi zothandiza kuti munthu asamadzandire, masiku atatu pa sabata. Zimenezi zimatheka pabalaza pomwe: kudzuka pa mpando n'kukhalanso kakhumi osagwirira, kuima ndi mwendo umodzi dzanja lili pa khoma.

Sinthani nthawi yokha. Muzituluka kutayera, cha m'ma 6, pamene ana a sukulu ndi amayi a zidebe ali kale pamsewu, ndipo musayende nokha. Ine Lachiwiri ndi Loweruka ndimayenda ndi anzanga anayi a ku mvano, tinayamba awiri. Pemphani abusa alengeze Lamlungu kuti amayi a BP ndi shuga azikumana pa geti la tchalitchi, muona kuchuluka kwa amene anauzidwa zomwezo ndi adokotala koma akuchita manyazi kuyamba. Popeza muli ndi shuga, muzidya kaye kanthu musanatuluke, muziika siwiti m'thumba ngati mumamwa mankhwala otsitsa shuga, muzivala nsapato zotseka, ndipo madzulo alionse muziyang'ana pansi pa mapazi ngati pali kachilonda.

Masamu aja muwasamutse pakhonde. Pemphani chipinda ku tchalitchi kapena ku sukulu ya pafupi, masana, pomwe makolo angadutse n'kusuzumira. Ana a Sitandade 8 a ku Machinjiri akufunika mphunzitsi wodziwa kugawa ndi kuchulukitsa ngati inu, ndipo inunso mukufunika phokoso lawo.

Mundilemberenso mwezi wamawa, mundiuze momwe zathera kwa amfumu. Ngati sanakuthandizeni, ikani nambala yanu m'kalatamo, ndidzakuimbirani ndekha tione kolowera.